Manja a Kuseri kwa Mpanda

Kwathu ku Naisi, m'munsi mwa phiri la Zomba, sisitere amene anthu amamudziwa ndi wa m'kalasi kapena wa kuchipatala. Ameneyo safuna womulankhulira. Ana amene anawaphunzitsa a, e, i, o, u lero ali pa mabanja awo, ndipo amayi amene anawathandiza pa uchembere amamutchulabe dzina. Asisitere otere tinawazolowera kalekale: chipani cha Atumiki a Maria Virigo Woyera chinayamba ku Nguludi mu 1925 mwa khama la Ambuye Louis Auneau, ndipo cha asisitere a Teresian chinatsatira mu 1929. Koma mukangotchula asisitere obindikira, aja amene akalowa pachipata satulukanso pokhapokha patagwa matenda kapena chifukwa china chachikulu, anthu amayamba kuyang'anana. Wina amafunsa kuti, "Nanga tsiku lonse amatani m'menemo?" Mnzake nkuyankha kuti, "Amangokhala, nkumapemphera basi."

Yankho limeneli limandiwawa chifukwa limapeputsa amisiri. Sisitere wobindikira amaphunzira ntchito yake zaka zambirimbiri. Amaphonya, amadzudzulidwa, amabwereza, mpaka manja ndi mtima zitazolowera. Ndipo anthu amenewa sali kutali nafe ayi. Mu dayosizi yathu ya Zomba muli nyumba ya asisitere a Chikarimeli, ana a Teresa wa ku Avila. Ku Lilongwe kuli a Poor Clares, ana a Clare wa ku Assisi, amene akhala m'dziko muno zaka zoposa 60.

Tiyambire pa chinthu chimene Mkatolika aliyense wachilandirapo: kamkate koyera kaja ka pa Misa, hostiya. M'maiko ambiri ntchito yophika mkate umenewu ili m'manja mwa asisitere obindikira, ndipo ndi imene imawapezetsa sopo, mankhwala ndi ndalama yolipirira magetsi. Lamulo la Mpingo pa mkatewu ndi lalifupi koma lothina. Ukhale wa ufa wa tirigu wokhawokha ndi madzi, wopanda chotupitsa, ndipo ukhale wophikidwa chaposachedwa kuti usaonongeke. Shuga, uchi kapena zipatso zisayandikire. Chikalata chochokera ku Roma cha mu 2004, chotchedwa Redemptionis Sacramentum, chinaonjezera kuti ophikawo akhale anthu okhulupirika, odziwa ntchitoyo, komanso okhala ndi zipangizo zoyenera. Mpingo weniweniwo ukuvomereza kuti mtima wabwino pawokha suphika hostiya, pamafunika luso.

Pa kuphika kwina, mafuta ndi dzira zimabisa zolakwa za wophika. Apa palibe pobisala. Mlendo saloledwa kulowa m'kati mwa mpanda, kotero zimene ndikudziwa anandifotokozera ndi sisitere wina wachikulire m'chipinda cha alendo, iye ali mbali yake ya mawaya, ine mbali yanga. Anabwera ndi zidutswa zimene anazikana m'mawa wa tsiku limenelo, zili m'kambale, nkumandionetsa chimodzichimodzi.

Ufa amayamba wausefa. Kenako amathira madzi ozizira pang'onopang'ono, akutakasa, mpaka lituluke phala lamadzimadzi lopanda mbulu ndi umodzi womwe. Phalalo amalisiya kaye lipume kuti thovu lituluke, chifukwa kathovu kamodzi kakatsalira kamaboola mkate. Chophikira chake ndi zitsulo ziwiri zafulati, zosalala, zolumikizidwa mbali imodzi; china mwa izo chimakhala chozokotedwa mtanda kapena zilembo za dzina la Yesu. Zikatentha mokwanira, sisitere amatunga phala ndi chipande, kuthira pakati, nkutseka mwamphamvu. Nthunzi imalira, phala lotsala limatulukira m'mbali, iye nkulipala ndi mpeni lisanapserere. Pakangotha mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono amatsegula, nkunyamula chimkate chopyapyala zedi, chowala mbali zonse ziwiri.

Ndinafunsa ngati amayang'ana wotchi. Anapukusa mutu. "Bambo, wotchi imanama. Ine ndimamvera nthunzi. Ikayamba kutsika mawu, ndiye kuti chapsa." Anandionetsa chidutswa chofiirira m'mphepete: chitsulo chinatentha mopyola. Anandionetsa china chong'ambika pakati: chitsulo chinali chisanatenthe bwino, phala linamatirira. Chachitatu ine sindinachione vuto, mpaka atachikweza pa kuwala kwa zenera. Chinali chokhuthala mbali imodzi, chopyapyala mbali inayo, kusonyeza kuti dzanja linapendekeka pothira.

Chovuta kwenikweni chimabwera mkate utapsa kale. Chimkate chongochoka pamoto ndi chouma gwa, ndipo mukachidula pomwepo chimangophwanyika. Amachigoneka m'kachipinda kapena m'kabati ya chinyezi, kawirikawiri usiku wonse, kuti chifewe pang'ono chabe. Muyeso wa "pang'ono" umenewo palibe buku limene lingakuuzeni. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mkate umamwa chinyezi osakhuta. Mu Januwale, mvula ya ku Zomba ikamagwa sabata yathunthu osakata, ukangochedwa umapeza wayamba chuku. Nthawi ya chiperoni imakhalanso ndi makhalidwe ake. Sisitere amapinda kangodya ndi chala: kakathyoka ndiye kuti sunafewe, kakapindika osabwerera ndiye kuti wanyowa mopyola. Ufa nawo sukhala umodzimodzi. Tirigu amene amalimidwa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa kwambiri, kotero ufa wambiri m'dziko muno umachokera ku tirigu wa kunja, ndipo thumba lililonse limafuna madzi akeake. Magetsi akathima ntchito ili m'kati, phala lonse lotakasa kale limakhala pa chiswe.

Kenako kudula. Chodulira ndi kachitsulo kozungulira kakuthwa, kena kakakulu ka hostiya ya wansembe, kena kakang'ono ka akhristu. M'mphepete mwa hostiya muyenera kukhala mosalala, mopanda manyenje. Apa ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake amavutikira chinyezi chonse chija. Mkatolika amakhulupirira kuti wansembe akanena mawu a Ambuye pa guwa, mkate uja ndi Thupi la Khristu, ndipo kanyenyeswa kalikonse ndi Thupi lomwelo. Hostiya yodulidwa mosasamala imayoyoka m'chikho, m'manja mwa wansembe, pansi pamene anthu akuponda. Choncho sisitere akamanola chodulira chake, akuteteza chinthu chimene adzachigwadire mawa. Chikhulupiriro chake chonse cha Ukaristia chimaonekera m'mphepete mwa kamkate kosaposa kukula kwa ndalama yachitsulo.

Akadula amaziumitsanso, nkuziyala pathebulo, kuzisankha imodziimodzi. Yong'aluka, yamawanga, yopindika, zonse pambali. Zotsalazo amaziwerenga nkuzimanga m'mapaketi. Zidutswa sazitaya, zisanadalitsidwe ndi mkate wamba, zimadyedwa. Ntchito yonseyi imachitika mwachete, mawu akutuluka pokhapokha pafunika kufunsa chinthu. Ndipo pa paketi sipalembedwa dzina la amene anaphika. Mmisiri wa mipando amasangalala anthu akamati "uwu ndi mpando wa uje". Sisitere uyu wagwira ntchito imodzimodziyi mpaka imvi mbuu pansi pa chophimba kumutu, ndipo chizindikiro choti waigwira bwino ndi chakuti palibe amene anaimapo kuganiza za iye.

Kugwira ntchito ya manja si chinthu chimene asisiterewa anachiyamba chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu. Anachilandira kwa amayi awo oyamba. Clare anathawa kwawo, kubanja lolemera la ku Assisi, usiku wa Lamulungu la Kanjedza mu 1212, ndipo anakhala m'kanyumba ka San Damiano zaka pafupifupi 40. Zambiri mwa zaka zimenezo anali wodwala. Asisitere anzake anachitira umboni kuti ankapempha kuti amutsamiritse pa mphasa yake, nkumapota ulusi, ndipo nsalu zake zinkasokedwa kukhala tinsalu toyala pa guwa pansi pa Ukaristia, totumizidwa ku matchalitchi a m'zigwa ndi m'mapiri ozungulira Assisi. Malamulo a moyo amene analemba anavomerezedwa ndi Papa pa 9 Ogasiti 1253, iye nkumwalira patangopita masiku awiri. Anali mkazi woyamba kulemba malamulo a chipani amene Mpingo unavomereza. Teresa naye, atatsegula kanyumba ka Yosefe Woyera ku Avila pa 24 Ogasiti 1562, anafuna kuti asisitere ake azidya thukuta lawo. Ankapota ulusi ngakhale pocheza ndi alendo olemekezeka, ndipo analamula kuti asisitere asamalimbane ndi ogula pa mtengo wa ntchito yawo. Kusoka zovala za Misa, kupanga makandulo, kulima ndiwo zamasamba, kuweta nkhuku, zonsezi mumazipeza m'nyumba zoterezi mpaka lero.

Komabe chitsulo chophikira chija, ngakhale chitatentha bwino chotani, belu likalira chimazimitsidwa. Pamenepa ndi pamene pali ntchito yawo yeniyeni. Kasanu ndi kawiri pa tsiku asisitere amasonkhana m'kachalitchi kawo kuimba Mapemphero a Mpingo: m'bandakucha, dzuwa litakwera, masana, dzuwa litapendeka, madzulo, pokagona, ndi pemphero la mawerengo limene nyumba zina zimachita usiku. Pa masabata anayi amakhala atadutsa pafupifupi Masalimo onse 150, nkuyambiranso. Ife a m'chigwa cha Domasi siziyenera kutidabwitsa. Abale athu Achisilamu, amene tayandikana nawo makomo, amadzuka ndi kuitana kwa kumzikiti kusanache, ndipo amadziwa bwino kuti pemphero la nthawi yake silidikira kuti munthu akhale ndi chilakolako.

Kaimbidwe kake kali ndi luso lobisika. Asisitere amakhala mbali ziwiri moyang'anana. Mbali iyi ikaimba ndime, inayo imalandira yotsatira. Pakati pa ndime iliyonse pali kampata ka chete, kotalika ngati mpweya umodzi, ndipo onse ayenera kuyambira pamodzi popanda wowaimika dzanja. Zili ngati amayi awiri akusinja pa mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo mmodzi akangofulumira kapena kuchedwa, minsi imaombana. Wa mawu okoma kwambiri ndi amene amavutika kuphunzira, chifukwa ku kwaya ya kuparishi anazolowera kumveka pamwamba pa anzake. Kuno amauzidwa kuti atsitse mawu mpaka azimva mnzake wa pambali kuposa mmene akudzimvera yekha. Nkhalamba ya mawu onjenjemera ndi mtsikana wa zaka 22 ayenera kutulutsa liwu limodzi. Mukakhala kuseri kwa mawaya nkumamvetsera, simungathe kuloza kuti uyu ndi uje.

A Poor Clares a ku Lilongwe anapita patsogolo pa zimenezi, ndipo dziko lino silinawathokoze mokwanira. Msonkhano Waukulu wa Vatican wachiwiri utatulutsa chikalata chake cha mwambo wa mapemphero mu 1963, khomo linatseguka kuti anthu azipembedza m'zinenero ndi m'maimbidwe a kwawo. Ambiri anangomasulira nyimbo za ku Ulaya, mawu Achichewa nkuwakakamiza kulowa m'mayendedwe achilendo. Asisitere a ku Lilongwe anapeka zawozawo, kuyambira pa kamvekedwe ka chinenero chathu, nkulowetsa ng'oma, zisekese ndi kuvina kodekha kwa manja ndi mapazi m'pemphero la anthu obindikira. Nyimbo zawo zinajambulidwa ndipo zinamveka ngakhale kunja kwa Malawi. Tangoganizani: akazi amene anthu amati anathawa dziko ndi amene anasonyeza Mpingo kuti ng'oma yathu ikhoza kugwada. Ndikukhulupirira kuti Teresa sakanadabwa nazo. M'nyumba yake yoyamba ku Avila akusungabe kang'oma ndi tizitoliro timene asisitere ankasangalala nato pa masiku a chikondwerero.

Pali gawo lina limene silioneka ndi maso konse. Sisitere wa Chikarimeli amakhala ola lathunthu m'mawa ndi ola lina madzulo ali chete pamaso pa Mulungu, wopanda kolona m'manja, wopanda nyimbo. Amene akuganiza kuti ndi kupuma ayese mphindi khumi zokha. Maganizo amathawira ku ndiwo za mawa, kwa mayi odwala kumudzi, ku mawu amene mnzako anakulankhula dzana. Luso lake ndi kubweza mtima mofatsa, osadzikalipira, osataya mtima, kambirimbiri pa ola limodzi, lero, mawa ndi mkuja, kuphatikizapo miyezi imene pemphero limauma osamva kanthu kalikonse. Teresa mwini anaulula kuti kwa zaka pafupifupi 20 pemphero linkamuvuta, ndipo masiku ena ankangodikira kuti ola lithe. Mkazi ameneyu ndi amene Papa Paulo VI anamutcha Mphunzitsi wa Mpingo mu 1970. Zimene analemba za pemphero zimagwira mtima chifukwa anazilemba monga munthu amene ntchitoyo inayamba yamukana.

Ndipo pali anthu. Teresa anafuna kuti nyumba iliyonse ikhale ndi asisitere 13 okha; pambuyo pake chiwerengero chinakwezedwa kufika 21. Anali atakhalapo m'nyumba ya asisitere oposa 100, ndipo anaona kuti pagulu lalikulu munthu amabisala, timagulu timabadwa, olemera amadzipatula. Pa anthu ochepa palibe kothawira. Amene wakukhumudwitsa m'mawa ndi yemweyo amene ukhale naye pafupi m'kachalitchi masana, nkudya naye madzulo, chaka chino ndi zaka 40 zikubwerazo. Wina ndi Myao, wina Mlomwe, wina Mtumbuka, wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Nchifukwa chake Teresa anaika nthawi yocheza kawiri pa tsiku, onse pamodzi, singano kapena lichero la nyemba lili m'manja, akuseka. Ankadana ndi sisitere wa nkhope yakugwa. Mkulu wa nyumba amasankhidwa ndi anzake kwa zaka zitatu, ndipo nthawi yake ikatha amabwerera kukatsuka miphika pansi pa ulamuliro wa amene dzulo ankamumvera. Atsogoleri athu ambiri luso limeneli linawakanika.

Zonsezi siziphunziridwa mwachangu. Malangizo a ku Roma a mu 2018, otchedwa Cor Orans, amene anatsatira chikalata cha Papa Francis cha mu 2016, amati mtsikana asachite malumbiro amuyaya zisanathe zaka zisanu ndi zinayi, ndipo nthawiyi ikhoza kufika zaka 12. Chaka choyamba amangodziwana ndi nyumbayo, akubwera nkumabwerera kwawo. Chaka china amakhala m'kati koma asanavale. Zaka ziwiri ndi za unovisi, atavala chophimba kumutu choyera. Kenako malumbiro a kanthawi, a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, kwa zaka zosachepera zisanu. Dokotala amamaliza maphunziro ake oyamba zaka zimenezi zisanakwane. Pa nthawi yonseyi khomo limakhala lotsegula, ndipo ambiri amabwerera kwawo popanda chamanyazi. Anzake a m'nyumbamo ndi amene amaponya voti ngati angapitirire, ndipo chimene amayang'ana si kutalika kwa mapemphero ake. Amaona ngati amadya bwino, amagona tulo, amaseka, amapepesa akalakwa, ndiponso ngati ntchito yake imakhala yofanana pamene pali womuona ndi pamene palibe.

Sindikufuna kubisa mtengo wake, chifukwa kwathu kuno ndi wokwera kuposa ku Ulaya. M'midzi yathu mtundu umayenda ndi mwana wamkazi. Iye ndi amene amasunga mudzi, munda ndi manda. Ana ake ndiwo mbumba ya amalume ake. Mtsikana akalowa m'nyumba yobindikiramo, nthambi yonse ya banja imathera pa iye. Mayi amene anagulitsa mpunga ndi nthochi kuti mwana afike Fomu 4 ankayembekeza kuti tsiku lina adzamugulira malata. Chowawa koposa ndi maliro: kawirikawiri sisitere wobindikira sakhala nawo pa siwa ya abale ake, ndipo pa chikhalidwe chathu palibe chinthu cholemera ngati chimenecho. Mwinimbumba akamakana, si kuti ndi wachikunja kapena wouma mtima. Akulira chinthu chenicheni, ndipo wansembe kapena katekisiti amene angamuyankhe mwachipongwe walakwa. Sisitere nayenso amalira. Tsiku la maliro a mayi ake amaima pa malo ake m'kachalitchi, nkulandira ndime yake pa nthawi yake, misozi ikutsika.

Nanga ife timapindulanji? Funsani amene amagogoda pa chipata chawo. Kumabwera mayi amene mwana wake ali m'ndende, mnyamata amene akudikira zotsatira za mayeso, bambo amene dokotala wamuuza nkhani yosakhala bwino, ndipo si onse Akatolika. Ena amasiya kakalata, ena amaimba foni. Maina awo amalembedwa, amawerengedwa pamaso pa onse, ndipo amanyamulidwa m'maola aja a chete. Munthu amene wakhala zaka 30 akuphunzira kumvetsera, akakumvetsera umadziwa kuti wamvedwa. Sakudula mawu, sathamangira kukulangiza. Mpingo unanena maganizo ake pa nkhaniyi mu 1927, pamene unasankha Thérèse wa ku Lisieux kukhala nkhoswe ya mamishoni pamodzi ndi Francis Xavier. Xavier anayenda mpaka ku India ndi ku Japan. Thérèse analowa m'nyumba ya Chikarimeli mu 1888 ali ndi zaka 15, ndipo sanatulukemonso mpaka imfa yake mu 1897.

Tsiku la 21 Novembala chaka chilichonse Mpingo unalipatula kuti tizikumbukira ndi kuthandiza obindikirawa, koma m'maparishi athu ambiri limadutsa osatchulidwa nkomwe. Inu a m'makomiti a tchalitchi, mukatenga hostiya, makandulo kapena zovala za Misa kwa asisitere, lipirani pa nthawi yake. Iwo sadzabwera kudzakulondalondani, ndipo mwina simungadziwe kuti mankhwala a sisitere wodwala akudikira ndalama yomweyo. Inu a m'miphakati ya ku Naisi ndi Domasi, mukakolola, thumba limodzi la mpunga silingakusaukitseni, ndipo ku Zomba si kutali. Ndipo inu amalume, mwana wa mlongo wanu akadzakuuzani kuti mtima wake ukumukokera kumeneko, musamutsekere pakhomo. Muperekezeni, mukakhale m'chipinda cha alendo, mukafunse mafunso anu onse. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi zoti aone ngati ntchitoyi ndi yake.